Mwana wanga amaluma anzake, nditani?

Azakhali,
Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5 koma kuyankhula kumamuvutabe, mawu ake ndi ochepa. Akangokwiya amaluma kapena kugenda chilichonse chili pafupi, moti kusukulu andiitana kawiri kale. Kukalipa ndakalipa, kukwapula ndakwapula, palibe chasintha. Nditani ine?
Mayi wodandaula

Mayi,
Pepani, ndikudziwa mwatopa komanso zoitanidwa kusukuluzi zimawawa mtima. Koma zokwapulazo siyani, kulumako ndi mmene mwanayu akuyankhulira ndiye mukangomuletsa osamupatsa njira ina ndiye kuti mwangomutseka pakamwa basi, apezanso china mwina choposa kuluma.

Kwa sabata imodzi muzilemba mu kabuku: chachitika nchani asanalume, ndipo atangoluma wapeza chani? Nthawi zambiri zifukwa zimakhala zinayi, kufuna kuti mumusamale, kufuna chinthu ngati chidole, kuthawa ntchito yomwe yamukanika, kapena kungomva bwino akamaluma. Mu 1985 akatswiri awiri, Edward Carr ndi Mark Durand, anaonetsa kuti ana ataphunzitsidwa kupempha thandizo ndi mawu, zovuta zawo zinachepa kwambiri, koma zinkatheka pokhapokha mawuwo akugwirizana ndi chomwe mwanayo amafunadi.

Ndiye mukapeza kuti amaluma akalandidwa chidole, muphunzitseni kunena "ndipatse", mawu akakanika atambasule dzanja kapena aloze khadi la chithunzi, zonsezi nkuyankhula ndithu. Ngati nkuthawa ntchito, "ndipume" kapena "ndithandizeni". Muziyeserera mtima wake uli m'malo, ngati masewera, osati atapsa kale mtima chifukwa nthawi imeneyo samva kanthu. Ndipo pomwe ambiri timalakwitsa ndi apa: akapempha bwinobwino timati dikira ndili bize, koma akaluma tonse timathamangira pomwepo, ndiye mwana aona chomwe chikugwira ntchito msanga eti? Poyambapa akangopempha mpatseni nthawi yomweyo nkumuyamikira, zodikira mudzamuphunzitsa pang'onopang'ono akazolowera. Akaluma mumutalikitse kwa mnzakeyo mofatsa, mawu ochepa, ndipo chidolecho asachipeze chifukwa choluma.

Masiku oyamba zitha kukula kaye chifukwa akuyesa njira yake yakale mwamphamvu, musabwerere m'mbuyo. Aphunzitsi ndi onse apakhomo achite chimodzimodzi, komanso popeza kuyankhula kukuchedwa, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi kakulidwe kake.