FUNSANI AMAKANIKO: Batire likutha usiku, X-Trail ikufooka pachitunda cha Mvera

Mwezi uno mafunso ambiri achokera kunyanja, Salima ndi Nkhotakota, ndipo pafupifupi onse vuto linayamba atangoikitsa kanthu katsopano pa galimoto. Ndasankhapo atatu.

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi Toyota Vanguard ya 2010. Ndinaikitsa wailesi ya Android ya sikirini ija, kamera yoonera kumbuyo komanso nyali yaitali ya LED bar pa bampala poti ndimayenda usiku pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay nde njinga zopanda magetsi zimandiopsa. Chiikireni zimenezi galimoto ikagona masiku awiri mmawa imangoti tcha tcha tcha osalira. Ndagula batire latsopano koma zayambiranso. Ena akuti alternator yafa, ndigule ina? Ndine bambo wa ku Senga Bay.

YANKHO: Achimwene musagule kaye, ndalama zanuzo zisungeni. Alternator, yomwe imatchaja batire injini ikamalira, imayezedwa mphindi ziwiri zokha ndi ka multimeter, kamita koyezera magetsi, galimoto itazima ndipo yapuma batire labwino limaonetsa 12.6V kapena pafupi pamenepo, mukailiza pazioneka pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikafika pamenepo nde kuti ikutchaja bwinobwino. Ndipo chonde musalole munthu kuzula teminolo ya batire injini ikulira ati akuyeza alternator, zimenezo zinkatheka pa magalimoto akale a kabureta, pa Vanguard mutha kuotcha kompyuta ya injini.

Ine maso anga ali pa wailesiyo. Kumbuyo kwake kumakhala waya wachikasu yemwe amalandira moto nthawi zonse kuti isamaiwale nthawi ndi masiteshoni, wofiira yemwe amayenera kulandira moto pokhapokha mwatembenuza kiyi, ndi wakuda wa ethi. Anyamata ambiri akasowa pomwe pali waya wa kiyi amangopotera wofiira ndi wachikasu pamodzi nkukulunga tepi, wailesi nkuyaka, inu nkulipira mukusangalala, koma usiku onse sikirini itada mkatimo ikudya moto. Tiyerekeze ikudya 1 amp, masiku awiri ndi 48 amp hours, pomwe batire la galimoto ngati yanuyi limasunga cha m'ma 50 kapena 60 basi. Nde kutentha kwa Salima kumafooketsanso mabatire msanga, ndipo batire likamaphwa kawirikawiri chonchi limawonongekeratu ngakhale likhale latsopano.

Kuyeza kwake nkosavuta. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko, masulani teminolo ya negative nkuika multimeter pakati pa teminoloyo ndi batire itatchedwa pa 10A. Dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti makompyuta agone. Galimoto yabwinobwino siyenera kudya kuposa 0.05A kapena cha pomwepo. Ikamaonetsa 0.5 kapena 1, yambani kuzula mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itatsika, pamene yatsikirapo ndi pomwe pali wakubayo. Musayerekeze kuliza injini mita ili pakatipo, ipsa pompo. Ngati mita mulibe, zulani pulagi ya wailesi madzulo muone ngati mmawa wa mkuja ilira.

Za LED bar ndikufuna ndinenepo kwambiri chifukwa izi zimaotcha magalimoto. Bar ya 120W imakoka pafupifupi 10A, moto umenewo suyenera kudutsa pa switch yaing'ono ya pa dashibodi kapena kubedwa pa waya wa hedilaiti. Pamafunika relay (ka switch ka magetsi konyamula moto wambiri), waya wonenepa wochokera ku batire, ndi fyuzi ya 15A yoikidwa pafupi penipeni ndi batire, osati kutali uko pafupi ndi nyali. Tsegulani boneti muutsatire wayayo ndi chala. Pomwe walowera mkati mwa galimoto pakhale ka labala, ngati wangodutsa pa bowo la chitsulo, mabampu a msewu wafumbi amukhula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina utsi. Ndimakumana nazo fyuzi zokulungidwa kapepala konyezimira ka paketi ya fodya kapena tinthambo ta waya ati poti imangopsaipsa. Fyuzi ikamapsa ikukuuzani kuti pena pake pali shoti. Komanso mukaona galimoto, njinga yamoto kapena wakabaza akubwera kutsogolo zimitsani bar yo, munthu wothobwa m'maso pamsewu wopapatiza ngozi yake ikhudza inu nomwe.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Nkhotakota boma, ndimapititsa mpunga ndi usipa ku Lilongwe pa Nissan X-Trail ya 2009. Achimwene anga anandiikitsira bull bar yowotcherera, masipoti (nyali zowala kwambiri) awiri akuluakulu, kaliyala pamwamba ndi matayala akulu a 235/70R16. Pa M5 mpaka Salima imayenda bho, koma ndikayamba kukwera M14 cha ku Mvera masana dzuwa likuswa mtengo imangofooka, ndikaponda moto injini imalira koma liwiro osakwera. Ndikaima kanthawi imayambanso kuyenda bwino. Chavuta nchani?

YANKHO: Mayi, zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi giya bokosi yotentha. X-Trail ya mtundu wa yanuyi, wotchedwa T31, ya petulo yochokera ku Japan yambiri ili ndi CVT, mkati mwake mulibe magiya a mano ngati otomatiki wamba koma lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Oyilo wake akatentha mopitirira, kompyuta imachepetsa dala mphamvu kuti lambayo asawonongeke, akazizira nkubwezeretsa. Nde galimotoyo ikudziteteza, koma mukamaikakamiza ulendo ulionse mudzagula giya bokosi.

Tsopano taonani zomwe yasenzetsedwa. Ngati inabwera ndi 215/65R16 monga zambiri za mtunduwu, matayala mwaikawa ndi akulu ndi 7 peresenti, sipidomita ikamati 80 mukuthamanga cha m'ma 86, ndipo pachitunda giya bokosi ikuvutika ngati munthu wopalasa njinga yakatundu pa giya yolemera. Bull bar ndi masipoti zatseka kukamwa kwa galimoto komwe mphepo imalowera ku radiyeta. Pamwamba pali matumba akulimbana ndi mphepo. Zonsezi kuphatikiza kutentha kwa October.

Yambani ndi zosalira ndalama. Suzumirani kuseri kwa gilo ndi tochi, kwanuko nkhungu zikatuluka m'nyanja zimamatirira pa condenser ya AC ndi radiyeta pamodzi ndi fumbi ndi njere za udzu mpaka timipata tonse kutsekeka, tsukani ndi madzi a paipi osati a pulesha yamphamvu chifukwa amapinda timapepala tachitsuloto. Onetsetsani kuti mafani onse akuzungulira mukayatsa AC. Masipoti asunthidwe achoke pakati. Kenako oyilo wa CVT aonedwe, ngati wada kapena akununkha chopsa asinthidwe, ndipo T31 imafuna oyilo wotchedwa NS-2. Wina akakuuzani kuti ATF, oyilo wa otomatiki wamba, ndi chimodzimodzi tengani galimoto yanu muzipita, oyilo ameneyo amachititsa lamba kuterereka. Pitaninso kwa yemwe ali ndi kompyuta yoyezera aone makodi ngakhale nyali ya check engine isanayake.

Matayala ndingakonde mubwerere ku saizi yolembedwa pa sitika ya pa chitseko cha dalaivala, ngati mukufuna okwererako pang'ono chifukwa cha misewu ya kumunda 215/70R16 imangoonjeza 3 peresenti. Onse anayi akhale saizi imodzi komanso otha mofanana, 4WD simagwirizana ndi matayala osiyana. Kabatani kozungulira kaja pa tala kazikhala pa 2WD kapena AUTO, LOCK ndi ya mumchenga ndi m'matope basi.

Bull bar yowotcherera ndi mapaipi ine sindiikonda, ndinene mosabisa. Kutsogolo kwa galimotoyi anakupanga kuti kuziphwanyika pa ngozi nkumeza mphamvu, ndipo ma sensor a airbag amadalira zimenezo. Chitsulo cholimba chikamangidwa pamenepo palibe angakutsimikizireni kuti airbag idzatuluka nthawi yake. Ngati pali chinthu choonjezera chomwe ndingakuuzeni kuti muwonongerepo ndalama pa ntchito yanuyi, ndi cooler ya oyilo wa CVT, ka radiyeta kakang'ono koikidwa kutsogolo, bola aike munthu wodziwa. Matumba a mpunga azikhala mkati pansi mutapinda mipando, pa kaliyala pazikhala zopepuka ngati usipa, ndipo ngati nkotheka chitunda chimenecho muzikwera mmamawa kusanatenthe.

FUNSO: Galimoto yanga yangofika kumene kuchokera ku Japan koma wailesi ikungogwira masiteshoni awiri, manambala akuthera pa 90. Yawonongeka? Wowerenga wa ku Dwangwa.

YANKHO: Ayi aise ndi yamoyo. Ku Japan mawailesi a m'galimoto ambiri amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90, pomwe kuno timagwiritsa 87.5 mpaka 108, nde masiteshoni ambiri ali kunja kwa mpanda wake. Njira yotchipa ndi kabokosi kotchedwa band expander, kamalowa pakati pa eriyo ndi wailesi, kungoti manambala a pa sikirini sagwirizananso ndi a siteshoni ndipo kumadera komwe siginolo ndi yofooka kamaonjeza phokoso. Ngati thumba likulola ingosinthani wailesi yonse, koma pogula funsani pulagi yogwirizana ndi mtundu wa galimoto yanu ndi felemu yake ya pa dashibodi kuti oika asadule waya ngakhale mmodzi.