Funsani Aphunzitsi: Kodi Ayuda a ku Germany sanali nzika?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo tikuphunzira za Hitler. Buku likuti Ayuda analandidwa unzika mu 1935. Ine ndimayesa anali alendo ongobwera ku Germany. Ngati analidi nzika, khoti linali kuti pamene ankawalanda katundu ndi ntchito? — Mtsikana wa ku Dedza

YANKHO: Mwananga, zaka zonse zimene ndinagwira choko ana ankangoloweza 1935 n'kukhoza mayeso. Funso lakoli palibe anandifunsapo.

Analidi nzika. Hitler akutenga boma mu 1933, ku Germany kunali Ayuda pafupifupi 500,000, osakwana mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo mabanja ena anali atakhalako zaka mazanamazana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Ayuda pafupifupi 100,000 anavala yunifolomu ya Germany, 12,000 n'kufera komweko. Ameneyo n'kumutcha mlendo?

Koma unzikawo unali wadzanadzanali. Kale ku Ulaya Myuda ankakhala mumzinda mwa chilolezo cha mfumu, akukhoma msonkho wapadera, kwina akutsekeredwa usiku m'chigawo chotchedwa ghetto. Dziko la France linawapatsa unzika wonse pa 27 September 1791. Germany yonse inatsatira mu 1871. Ku Russia ambiri ankaloledwa kukhala m'zigawo zakumadzulo zokha mpaka 1917. Ndiye taona, kuchoka 1871 kufika 1933 ndi zaka 62 basi. Agogo amene anaona ufuluwo ukubwera ali ana, anauonanso ukuchoka ali ndi imvi.

Nkhani imene ndinkakonda kusimba m'kalasi ndi ya ku Britain, chifukwa kumeneko chotchinga chinali mawu ochepa chabe. Mu 1847 anthu a City of London anasankha Lionel de Rothschild kukhala phungu wawo. Kuti akhale pampando ankayenera kulumbira pa chikhulupiriro choona cha Mkhristu, iye ali Myuda. Anakana. Anthu anamusankhanso kangapo, mpando uli chikhalire wopanda munthu, chifukwa House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, inkakana kusintha lumbirolo. Myuda mnzake David Salomons, atasankhidwa ku Greenwich mu 1851, anangodumpha mawuwo, nakhala pansi, n'kuvota. Anamutulutsa, ndipo khoti linamulipiritsa mapaundi 500. Rothschild anadikira zaka 11, mpaka lamulo linasintha mu 1858. Chondiseketsa ine n'chakuti Benjamin Disraeli, wobadwira m'banja lachiyuda, anali phungu kuyambira 1837 popanda womufunsa, poti bambo ake anamubatizitsa ali ndi zaka 12.

Tsopano za khoti. Mu March 1933 nyumba ya malamulo ya ku Germany inapatsa nduna za Hitler mphamvu zopanga malamulo pazokha, ngakhale otsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa 7 April chaka chomwecho kunatuluka lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma, oweruza milandu ndi aphunzitsi omwe. Amene anamenya nkhondo anayamba asiyidwa kaye, chifukwa pulezidenti Hindenburg anawapemphera chifundo, koma chifundocho chinatha kumapeto kwa 1935. Pofika kumapeto kwa 1938 maloya achiyuda anali ataletsedwa ntchito yawo. Ukadandaula kwa yani, woweruza akuwerenga lamulo lomwelo limene likukupweteka?

Malamulo a ku Nuremberg a pa 15 September 1935, amene buku lako likunena, anagawa anthu pawiri. Ena anakhala nzika zenizeni, Ayuda n'kutsala ngati anthu ongolamulidwa ndi boma, opanda voti. Ukwati wa Myuda ndi amene iwo ankamutcha wa magazi achijeremani unaletsedwa. Ngakhale kulemba ntchito yapakhomo mkazi wachijeremani wosakwana zaka 45 unali mlandu kwa Myuda. Apa ndi pamene ndimafuna uonetsetse: pofuna kudziwa kuti Myuda ndani, sanafunse kumene munthu amapemphera. Lamulo la November 1935 linawerenga agogo. Ukakhala ndi agogo atatu kapena anayi achiyuda, ndiwe Myuda, ngakhale uli mkulu wa mpingo. Ubatizo umene unatsegulira Disraeli chitseko, kuno unalibe ntchito. Anthu ankathamangira m'maparishi kukafufuza m'mabuku a ubatizo a makolo awo.

Zotsatira zake zinabwera ndi sitampa ndi siginecha. Mu October 1938 mapasipoti awo anadindidwa chilembo J chofiira. Mu November, masunagoge atawotchedwa ndi masitolo kuswedwa, boma linalipiritsa Ayuda omwewo chindapusa cha ma Reichsmark (ndalama za ku Germany za nthawiyo) 1 biliyoni. Kuyambira January 1939 amuna ankakakamizidwa kuwonjezera dzina la Israel, akazi la Sara. Nyenyezi yachikasu pachifuwa inayamba mu September 1941.

Lamulo limene limandiwawa kwambiri ndi la November 1941. Linati Myuda aliyense wokhala kunja kwa malire a Germany wataya ngakhale unzika wochepa umene unamutsalira, ndipo katundu wake ndi wa boma. Anaphatikizamo ngakhale amene boma lomwelo linawakweza sitima kupita nawo kummawa kukaphedwa. Sitima ikungodutsa malire, nyumba ndi ndalama za kubanki zasanduka za boma. Mu July 1943 anachotseratu milandu ya Ayuda m'makhoti n'kuipereka kwa apolisi. Ayuda ophedwa mu Ulaya yense anafika pafupifupi 6 miliyoni.

Pamayeso lemba 1935, sulakwa. Ukakhala ndi mpata wonjezerapo kuti malamulo oyendetsera dziko la West Germany a 1949, pa ndime 116, anati amene analandidwa unzika pakati pa 1933 ndi 1945 abwezeredwe, iwo ndi zidzukulu zawo. Mpaka lero zidzukuluzo zimakapereka mafomu ku maofesi a kazembe wa Germany ku London, New York ndi Tel Aviv, zitanyamula mapepala akale a agogo awo, ena ali ndi J uja.