Kwa atsibweni: za kuthokoza a pologalamu ya masiteshoni a sitima

Atsibweni, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti anthu amene anakonza pologalamu ija ya pa TV ya nyumba zakale za njanji tingawathokoze bwanji, ndiponso ngati n'koyenera kuwapatsa zithunzi za agogo zili m'sutukesi zija. Mupirire, ndilankhula motalikirako.

Musathamangire kwa uja amaoneka akulankhula pa kanema. Ntchito waigwira, inde, koma kawirikawiri amanena zimene anzake anakumba. Ikamabwerezedwa, dikirani kumapeto penipeni pamene mayina amakwera aja, muwajambule ndi foni. Mutenge vidiyo, chifukwa amathamanga, chithunzi chimodzi sichingawagwire. Mufunefune dzina la producer, ameneyo ndiye mwini ntchito ndipo kalata ipite kwa iyeyo. Muonenso dzina la wofufuza, ndi la kampani imene inapanga. Apa m'pamene ambiri amaphonya: wailesi yoonetsa si nthawi zonse imakhala yomwe inajambula, mwina inangogula. Ndiye mukasiya envulopu pageti mutalemba kuti "kwa a pologalamu ya sitima", ikagona m'kabati mpaka fumbi.

M'munsi mwa mayinawo mumakhala mzere wa amene anathandiza. Pa nkhani za njanji mumapezeka kawirikawiri a National Archives kuno ku Lusaka, a Zambia Railways ku Kabwe, kapena a Railway Museum ku Livingstone. Amene alembedwapo muwatumizire kope lawo. Munthu wotulutsa mapulani akale m'mabokosi sathokozedwa kawirikawiri.

Kalatayo, tsamba limodzi basi. Pamwamba dzina la pologalamu, tsiku ndi nthawi imene munaonera. Kenaka mutchule chinthu chenicheni chimene chinakugwirani mtima. Zoti "inali yabwino kwambiri" amazimva tsiku lililonse, siziwauza kanthu. Koma mukati, zikomo pofotokoza kuti Lusaka anayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo anakhala likulu mu 1935 kulanda Livingstone, wofufuza uja adziwa kuti thukuta lake lafika. Chimodzimodzi zoti njanji inafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906.

Wojambula naye mum'tchule padera. Mukumbukira khonde lija la malata, mizati yachitsulo ikuoneka bwinobwino mpaka mabawuti? Pansi pa khonde pamakhala mdima pomwe kunja kuli ngwee, ndiye ukajambula masana mbali imodzi imayera mbuu, ina imada bii. Kuti zituluke choncho ndiye kuti analawirira mbandakucha kapena anadikira dzuwa lipendeke. Thanki yamadzi ili pamwamba ija si yokongoletsa ayi, sitima zamalasha zinkamwera pamenepo, n'chifukwa chake imakhala m'mphepete mwa njanji. Ndipo pasiteshoni sungangofika n'kuimika kamera, pamafunika chilolezo cha eni njanji, drone, kandege kojambulira m'mwamba kaja, nayo ili ndi chilolezo chake ku Civil Aviation Authority. Wina anayenda ndi makalata amenewo maofesi angapo.

Chimene ine ndingawayamikire kwambiri ndi poonetsa mmene nyumbazi zikuwonongekera. Zakale zambiri zinamangidwa ndi njerwa zootcha ndi matope a laimu. Laimu amapuma, chinyezi chimatuluka. Wina akabwera n'kumata pulasitala wa simenti pamwamba, madzi amatsekeredwa m'kati, njerwa imayamba kufumbutuka ngati ufa, pulasitalayo n'kumagwa zibenthuzibenthu. Onjezani mipaipi ya madzi a padenga yotsekeka ndi masamba, ndi chiswe m'mitanda, nyumba yatha. Anthu amati yakalamba, pomwe yaphedwa ndi kakonzedwe kolakwika.

Za cholakwika mwanena chija, kuti anaonetsa siteshoni imodzi ya Kapiri Mposhi ngati ilipo yokhayo, mwalondola. Ilipo ya Zambia Railways, ndiye palinso New Kapiri Mposhi ya TAZARA, njanji ya Tanzania ndi Zambia, chimphona chija anamanga ndi thandizo la China pa njanji yomangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975, ya makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam. Mulembe, koma kumunsi, ziganizo ziwiri, mwaulemu. Mukayamba nacho kalata isanduka dandaulo. Pomwepo mungawapemphe kuti ulendo wina adzafikeko kwathu kum'mawa, njanji ya Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa mu 2010.

Tsopano zithunzi za agogo. Zenizenizo zisachoke pakhomo, chonde. Mupite nazo nokha kumene amasikana (kukopera chithunzi m'kompyuta), muwauze 600 dpi, muyeso woti chituluke chooneka bwino, asikane kutsogolo ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyo n'kumene kumakhala chaka kapena chidindo cha wojambula. Muimirire pomwepo mpaka akubwezereni. Potumiza musaziponye pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, amazifinya, pa TV zimakaoneka zosweka. Muzitumize ngati document kapena pa imelo. Akakuuzani kuti azimate pulasitiki ya laminating, mukane. Kutentha kwake kumawononga chithunzi, ndipo pulasitikiyo sichokanso. Zimene zamatana musazikoke, nkhope zitsalira pa chinzake, muzisiye choncho. Kulemba kumbuyo, pensulo yofewa yokha, bolopeni imadinda mpaka kutsogolo.

Chithunzi chilichonse chipite ndi mawu ake: ndani, siteshoni iti, chaka chiti, ankagwira ntchito yanji. Pamene simukutsimikiza mulembe kuti "mwina", musalote. Mufunsenso azakhali ndi ena amene akuonekamo ngati avomera. Ndiye m'kalatamo munene poyera kuti zithunzizo n'zabanja lathu, azigwiritse ntchito pa pologalamu yokhayo, dzina la banja lilembedwe, ndipo akafuna kuzipereka kwina ayambe afunsa. Akuyankheni molemba, osati pa foni.

Za kuwapatsa kangachepe zija, ndalama kapena nkhuku, zisiyeni atsibweni, atolankhani ambiri saloledwa kulandira mphatso, mungawaike m'mavuto. Kope lina la kalata lipite kwa mkulu wa mapologalamu, iye ndi amene amagamula ngati padzakhale gawo lachiwiri. Mukalemba muiponye muno, tiione tonse isanapite.