Chimene chinagwetsa doko la Chiromo

Achimwene, ngati mukufunsa chimene chinapha doko la Chiromo, si nkhondo ayi, ndi kuchepa kwa madzi mu Shire, kenako njanji inadzamalizitsa.

Malowo anatchuka chifukwa ndi pamene Ruo amathira mu Shire, pa malire ndi Mozambique, lomwe panthawiyo linali dziko la Apwitikizi. Sitima zapamadzi za kampani ya African Lakes zochokera ku Chinde, doko la pomwe Zambezi amathira m'nyanja, zinkakwera Zambezi n'kulowa mu Shire, katundu n'kumatsitsidwa pamenepo, amtengatenga n'kumasenza pamutu ulendo wa ku Blantyre. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mtsinje unaphwa moti m'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga zisanafike. N'chifukwa chake njanji, imene poyamba inkayenera kuyambira pa Chiromo, anaifikitsa ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, ndipo inatsegulidwa mpaka ku Blantyre mu 1908. Chiromo anangosanduka podutsira. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, wa pa mtsinje wa Zambezi, utatsegulidwa mu 1935, katundu ankapita ku Beira osakhudzanso madzi. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula.

Ndinachezapo ndi akuluakulu a kumeneko: nkhani za agogo awo onyamula katundu amazikumbukira bwino kwambiri, mpaka nyimbo zapaulendo, koma pa zaka amasakaniza, choncho musadalire pakamwa pokha. Ngati mukufuna kulemba zoti anthu awerenge, kaonaneni ndi a National Archives ku Zomba kapena katswiri wa mbiri yakale.