Chovala cha mtovu n'chachiyani pomwe wojambulidwa X-ray si ine?

Funso: Mwana wanga atathyoka mkono, anandiuza kuti ndimugwirizire pomujambula X-ray, ndipo anandiveka chovala cholemera cha mtovu. Makinawo analoza pamkono wa mwana, osati pa ine. Nanga chovalacho chinali chachiyani?

Yankho: Mayi, anakuchitirani zabwino. Cheza cha X-ray chikalowa m'thupi sichidutsa chonse molunjika. China chimagundana ndi maelekitironi a m'mnofu, tizinthu ting'onoting'ono kwambiri ta m'maatomu, n'kupatukira kumbali, china mpaka kubwerera kumene chachokera. Amene waima pafupi ndiye amachilandira.

Anafotokoza zimenezi ndi wasayansi Arthur Compton wa ku America mu 1923, ali ku Washington University mumzinda wa St. Louis. Iye anawomba X-ray pa graphite, ija ya m'kati mwa pensulo, n'kupeza kuti cheza chopatukacho chimatuluka chitachepa mphamvu. Chifukwa chake n'chakuti chezachi chimayenda m'tizidutswa totchedwa photon, ndipo kalikonse kali ndi momentum, kukankha komwe chinthu choyenda chimakhala nako. Zinthu zikagundana, kukankhako sikutayika. Taonani patebulo la pool: mpira woyera ukagunda unzake n'kukhotera kumanzere, wogundidwawo umathawira kumanja. Photon ikakhota, elekitironi imakakamizika kunyamuka kulowera mbali inayo, ndipo mphamvu yonyamukira imaitenga kwa photon yomweyo. Ikakhota kwambiri, imatayanso yambiri. Ntchitoyi inam'patsa Compton mphoto ya Nobel mu 1927.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse: zomwe imatayazo n'zochepa. Photon ya mphamvu ya 60 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya photon), yofanana ndi zomwe zimatuluka m'makina a kuchipatala, ikakhota madigiri 90 imatsala ndi pafupifupi 54 keV. Ngakhale itabwerera kumbuyo kwenikweni, imakhalabe ndi pafupifupi 49. Imeneyo ikhoza kulowa m'thupi mwanu bwinobwino. Cheza chofika kwa inu pa chithunzi chimodzi n'chochepa ndithu, musade nkhawa, koma palibe chifukwa chochilandirira mwaulere pomwe mtovu ungachitseke.

Ulendo wina, manja anu asakhale pamalo pomwe nyali ya makina yawalitsa, ndipo thupi litalikire momwe mungathere. Mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimatsika pafupifupi kanayi. Ngati muli oyembekezera, nenani asanayambe kuti apeze wina wogwirizira.

Kwa anzanga osamalira zipangizozi, chonde chovalacho muzichipachika, osachipinda. Mtovu umang'aluka m'mapindiro, kunja kukuoneka kwabwinobwino.