Exposure igwireni nokha, focus ipatseni kamera ngati ikutha

Achimwene, mwanena kuti mukamajambula mpira masana kanema wanu akumawala n'kuda, kuwala n'kuda, komanso focus ikumasiya wosewera n'kukagwira anthu oonerera kuseri kwa bwalo. Ena pano akuuzani kuti katswiri weniweni amaika zonse pa manual. Ine ndikuti mavuto awiriwa si a mimba imodzi, musawapatse mankhwala amodzi. Kuwala kwa dzuwa kumasintha mwa apo ndi apo, pamene mtunda wa pakati pa inu ndi munthu wothamanga umasintha mphindi iliyonse. Chosintha pang'onopang'onocho, chomwe ndi exposure kapena kuti kuwala kwa chithunzi, gwirani nokha, chothamangacho, chomwe ndi focus, patsani makina, bola makinawo akhale oti angakwanitse.

Kamera ikakhala pa auto imayeza kuwala kwa zonse zimene ikuona n'kufuna kuti zikhale zapakatikati. Goloboyi akamenya mpira m'mwamba inu n'kuutsatira, thambo limadzaza theka la chithunzi, kamera imati kwawalitsa, n'kudetsa. Mpira ukatera, kumbuyo kuli mitengo yakuda, imawalitsanso. Dzuwa lili pomwe linali, koma nkhope za osewera zada n'kuyera kawiri m'masekondi atatu. Kukonza zimenezi pa editing ndi ntchito yakalavulagaga, ndipo sizitheratu.

Ndiye yambani ndi shutter, nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse. Chizolowezi cha ojambula kanema n'chakuti ikhale kuwirikiza kawiri nambala ya frame rate (fps, zithunzi zimene kamera imajambula pa sekondi): pa 25 fps ikani 1/50, pa 50 fps ikani 1/100, pa 60 fps ikani 1/120 kapena 1/125. Zamasewera ine ndimajambula pa 50, kuti ndikafuna slow motion ya chigoli ndikhale nayo. Mukhoza kukweza mpaka 1/250 ngati mphunzitsi wa timu akufuna kumaimitsa kanema kuti aone phazi bwinobwino, koma dziwani kuti kuthamanga kumayamba kuoneka kodukizadukiza.

Apa ndi pamene ambiri amagonjera n'kubwerera ku auto, chifukwa akaika 1/100 dzuwa lili paliwombo chithunzi chimangoyera mbee. Dzuwa lowala bwino, pa ISO 100 (ISO ikamakwera chithunzi chimawala kwambiri) ndi shutter ya 1/100, limafuna kuti aperture, bowo lolowera kuwala mu lens, ikhale yaing'ono, pa f/16. Koma f/16 imachepetsako kuthwa kwa chithunzi, komanso kafumbi kalikonse kamene kali pa sensor, kachigawo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, kamaonekera pathambo ngati timadontho. Chofunika ndi ND filter, galasi lakuda loika kutsogolo kwa lens. Kuchoka pa f/16 kufika pa f/5.6 ndi ma stop atatu (stop iliyonse imawirikiza kuwala kawiri), ndiye ND8 ikukwanirani. Ngati mumajambula log (kanema wa mitundu yofooka yodzakonza pa editing), imene pa makamera ambiri imayambira cha pa ISO 800, onjezerani ma stop ena atatu, ndiye kuti ND64. Variable ND ndi yabwino chifukwa mtambo ukaphimba dzuwa mumangoipotoza pang'onopang'ono, woonera osazindikira. Musamaifikitse kumapeto kwenikweni, imatulutsa mthunzi wooneka ngati X, makamaka pa lens yotambalala. Yatsaninso zebra, mizere imene kamera imaonetsa pamalo owalitsa, pa 95 kapena 100, muziyang'ana ma jezi oyera: mizere ikangoyamba kuoneka pamapewa, bwezani pang'ono. White balance, imene imakhazikitsa mitundu ya chithunzi, nayonso itsekeni pa 5600K, apo ayi udzu uzisintha mtundu nthawi iliyonse jezi yofiira ikadzaza chithunzi.

Pali nthawi imene ndimalola kamera kundithandiza. Madzulo theka la bwalo likakhala mumthunzi, kapena wanjinga akamalowa m'nkhalango n'kutulukanso, dzanja silingafulumire chotero. Pamenepo shutter ndi aperture zimakhalabe zotseka, ndimamasula ISO yokha, n'kuiikira malire oti isapitirire. Kachinsinsi kake n'kakuti ND ikhale yodera pang'ono kuti padzuwa ISO ikhale pamwamba pang'ono pa poyambira pake. Ikakhala kale pansi penipeni ilibe kotsikira mukatembenukira kowala kwambiri.

Ku focus ndiye ndikusiyana nawo anzanga a manual. Tiyeni tiwerengere. Pa kamera ya full frame (ya sensor yaikulu), lens ya 200mm, f/2.8, munthu ali pa mamita 20, malo ooneka bwino sakwana mamita awiri kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi akubwera kwa inu amadutsa malo amenewo sekondi isanafike ndi theka lomwe. Opanga mafilimu amalemba munthu wapadera woti azingopotoza focus basi, ndipo iyeyo amakhala atayeza kale mtunda ndi kuyeserera. Inu muli nokha, dzanja lina pa chogwirira cha tripod, lina pa zoom, maso akusaka kumene mpira walowera. Dzanja lachitatu mulitenga kuti?

Mbiri yoipa ya autofocus pa kanema inachokera ku makamera oyendera contrast detection, amene amapita kutsogolo n'kubwerera kufunafuna pothwa, chithunzi chikuchita ngati chikupuma. Njira inayo, ya phase detection, imadziwiratu mbali yoti ilowere komanso kutalika kwake. Canon anabweretsa Dual Pixel, mtundu wawo wa phase detection, pa EOS 70D mu 2013, Sony anatulutsa Real-time Tracking mu 2019, ndipo Panasonic, amene anakakamira contrast kwa zaka zambiri, anaika phase detection pa Lumix S5 II mu 2023. Ambiri okulangizani manual anaphunzira ntchitoyi pa makamera a kale aja, ndipo pa nthawiyo sankanama.

Kuthawira kwa oonerera kuja nthawi zambiri si kulephera kwa kamera, koma kuti mwaisiyira chithunzi chonse kuti isankhe yokha. Ikaona nkhope makumi atatu zongokhala phee kumbuyo ndi nkhope imodzi yogwedezeka yoyang'ana kumbali, imasankha zosavutazo. Chepetsani malo a focus akhale zone yapakati, kapena gwiritsani tracking yokhudza pa screen. Pa mpira wa anthu 22 ine face detection ndimazimitsa. Kenako mu menu pezani pamene pamanena za sensitivity ya tracking, muitsitse kuti woyimbira mpira akadutsa kutsogolo kamera isamuthamangire. Liwiro losinthira focus lokha likhale lokwererapo. Komanso musaumirire f/2.8 chifukwa chofuna kumbuyo kwa mbuu: pa f/8, lens yomweyo ndi mtunda womwewo, malo ooneka bwino amafika pafupifupi mamita asanu, ndipo tizolakwa ta kamera timabisika momwemo.

Manual focus ili ndi malo ake. Mukadziwa pamene chinthu chichitikire, monga penate, kona, mzere womalizira mpikisano kapena pokhota pamene njinga zonse zidutse, ikani focus pamalopo pasadakhale n'kuisiya. Chimodzimodzi mukamajambula kudzera pa ukonde wa golo kapena mpanda wa waya, chifukwa auto imakonda kugwira ukondewo. Pa lens yotambalala ndiye n'zosavuta: 24mm pa f/8, focus pa mamita awiri ndi theka, chilichonse kuyambira mita imodzi ndi pang'ono mpaka kutali chimaoneka bwino. Ngati kamera yanu ndi ya contrast yokhayokha, njira yanu ndi imeneyi, pamodzi ndi focus peaking, mizere ya mtundu imene kamera imaika pa zinthu zimene zili zothwa. Koma peaking musaikhulupirire kwambiri padzuwa. Ine ndinajambulapo theka lonse la masewero ndikuona mizere yofiira pa osewera, kukafika pa kompyuta n'kupeza kuti chothwa ndi udzu wa kumbuyo kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'anira mu viewfinder, ndipo masewero asanayambe ndimakuza chithunzi kuti nditsimikize.

Tandiuzani dzina la kamera ndi lens zimene muli nazo, chifukwa sensitivity ija kampani iliyonse imaitchula mwakemwake, ndikulozereni pamene ili mu menu.