Musanagule AC yambani mwayang'ana kudenga

Achimwene mwati nyumba yanu ku Salima ikumatentha ngati uvuni mu Okutobala muno ndiye mukufunsa ngati mugule AC, makina oziziritsa mpweya m'nyumba, ine ndikuti ndalamayo igwireni kaye. Mwanena nokha kuti mulibe siling'i eti? Miyezi inoyi dzuwa limakhala pa liwombo penipeni, malata amapsa tsiku lonse ndiye moto onsewo umatsikira pabedi panu, AC izingolimbana ndi malatawo mayunitsi akutha ngati madzi. Kakang'ono komwe kamadya mawatsi cha m'ma 1,000 pomwe fani wamba ndi 50 mpaka 70 basi, komanso magetsi akathima kamangokhala chokongoletsa khoma.

Ine yanga ndinayamba ndi denga. Tinaika kapepala konyezimira kaja pansi pa malata, kenako siling'i, m'mwamba mwa zipupa mbali zonse ziwiri tinasiya mabowo otchinga ndi sefa kuti mpweya otentha uzituluka koma mileme isalowe, malata tinapaka penti yoyera. Madam ankati ikuoneka ngati chipatala, pano masana amagona m'nyumba momwemo pomwe kale mphasa inali pansi pa mtengo wa mango.

Mawindo a kuzambwe ndi amene amapweteka, dzuwa la 3 koloko limalowa chopingasa mpaka pa sofa, khoma limasunga kutenthako n'kumakubwezerani pakati pausiku. Mbali imeneyo ikani khonde lalitali kapena dzalani mtengo, koma osati pafupi kwambiri ndi fandeshoni. Usiku tsegulani mawindo oyang'anizana mphepo idutse, bola pakhale sefa ya udzudzu, m'mawa dzuwa likamakwera tsekani ndi makatani omwe. Si nzeru zakumudzi zokha izi, ku Harare kuli Eastgate Centre yomwe anatsegula mu 1996, Mick Pearce amene anaijambula anatengera chulu cha chiswe, usiku mafani amakoka mpweya ozizira kudutsitsa mu konkire ndiye masana nyumba yonse imapuma pamenepo.

A ku Dedza amene mwadandaula za chisanu mmakomentimu, siling'i yomweyo imagwiranso kutentha mu Juni, ndipo mawindo akulu aziyang'ana kumpoto poti dzuwa la nyengo yozizira limadzera kumeneko. Koma chonde mbaula ya makala musagone nayo mchipinda chotseka, mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Mukapanga zonsezi kukamatenthabe ndiye gulani AC ya inverter, mtundu wosadya magetsi ambiri, chipinda chogona chokha.